Mizinda ya ku America ndi ndalama za ku Washington: mbiri ya kupempha ndi kupatsidwa

Malamulo aakulu a dziko la United States satchula mizinda ngakhale kamodzi. Amatchula boma lalikulu ndi maboma a zigawo, zomwe lero zilipo 50. Mzinda umakhazikitsidwa ndi chigawo, ndipo mu 1868 woweruza wina wa ku Iowa, John Dillon, anagamula kuti mzinda uli ndi mphamvu zokhazo zimene chigawo chaupatsa. Choncho kwa zaka zoposa 100 meya analibe chifukwa chokwerera sitima kupita ku likulu la dziko, Washington, kukapempha ndalama. Madzi a m'mipopi, ngalande za suweji ndi misewu ya m'tauni ankamanga ndi msonkho wa nyumba kapena ndi ngongole.

Nalo boma lalikulu linkadziletsa. Mu 1817 pulezidenti James Madison anakana kusayina lamulo lopereka ndalama zomangira misewu ndi ngalande, ponena kuti malamulo aakulu salola. Chigawo cha New York chinakumba chokha ngalande ya Erie n'kuimaliza mu 1825. Ngakhale lamulo la misewu la 1916, limene linayambitsa mwambo woti boma lalikulu lilipire theka, chigawo theka, linali la misewu ya kumidzi. Matauni a anthu oposa 2,500 analibe gawo.

Chinasintha zinthu ndi umphawi. Chuma chitagwa mu 1929, mafakitale anatseka, anthu analephera kukhoma msonkho, ndipo mizinda inasowa ngakhale cholipira aphunzitsi ndi apolisi. Mu 1932 meya wa Detroit, Frank Murphy, anaitana mameya anzake kuti akalankhule ndi mawu amodzi ku Washington, ndipo umu ndi mmene linabadwira bungwe la United States Conference of Mayors. Chaka chotsatira pulezidenti Franklin Roosevelt anakhazikitsa nthambi ya Public Works Administration n'kuipatsa madola 3.3 biliyoni, ndipo anaiika m'manja mwa Harold Ickes, munthu wosamala kwambiri ndi ndalama za boma, amene sankavomera ntchito asanaone mapulani ndi mitengo yake.

Apa m'pamene panaonekera koyamba chinthu chimene chakhala chikubwerezedwa mpaka lero. Mizinda yambiri inali ndi mavuto koma inalibe mapulani. New York inali nawo. Robert Moses, amene ankayang'anira mapaki ndi milatho, anali ndi mainjiniya ake ndi zojambula zokonzeka, ndipo meya Fiorello La Guardia ankadziwa khomo lililonse ku Washington. Roosevelt sankamukonda Moses, moti Ickes anayesapo kumuchotsa pa ntchito ya mlatho wa Triborough, koma mlathowo unatsegulidwa mu 1936 ndi ndalama za boma lalikulu, ndipo bwalo la ndege la LaGuardia linatsatira mu 1939. Mvula ikagwa amadzala msanga ndi amene anagalauza kale munda, ndipo New York inali itagalauza.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha ndalama zinachuluka, ndipo kukonzeka komweku kunapweteketsa anthu ambiri. Lamulo la nyumba la 1949 linkalipira magawo awiri mwa atatu a ndalama zogumulira madera amene akuluakulu ankati ndi onyansa. Meya Richard Lee wa ku New Haven ndi mnzake Edward Logue anali akatswiri polemba mapempho, moti mzinda wawo unalandira ndalama zambiri kuposa ina yonse tikawerengera pa munthu aliyense, ndipo dera la Oak Street linafafanizidwa. Kenako mu 1956 pulezidenti Dwight Eisenhower anasayina lamulo la misewu ikuluikulu ya mamailosi 41,000, boma lalikulu likulipira madola 90 pa madola 100 alionse. Ndi meya uti akanakana? Misewuyo inadutsa pamene malo anali otchipa komanso pamene eni ake analibe owayankhulira: Rondo ku St. Paul, Overtown ku Miami, Black Bottom ku Detroit, msewu wa Claiborne ku New Orleans. Onsewa anali madera a anthu akuda, okhala ndi matchalitchi awo, magolosale awo ndi masukulu awo. Pa mapepala mizindayi inapambana. Mabanja amene anasamutsidwa sanafunsidwe, ndipo ine sindingatche chimenecho chipambano.

Mkwiyo wa anthu unabala malamulo atsopano. Pa ulamuliro wa Lyndon Johnson kunabwera thandizo la mabasi ndi sitima za m'tauni mu 1964, unduna woona za nyumba ndi mizinda mu 1965, ndi ndondomeko ya Model Cities mu 1966, imene inkafuna kuti eni dera azikhalapo pokonza mapulani. Mtsinje wa Cuyahoga ku Cleveland utayaka moto mu 1969 chifukwa cha mafuta ndi zinyalala, lamulo limene pulezidenti Richard Nixon anasayina pa 1 Januwale 1970 linakakamiza kuti ntchito yaikulu iliyonse ya ndalama za boma iyambe yaunikidwa mmene ikhudzire chilengedwe. Lamulo la madzi la 1972 linkalipira mpaka madola 75 pa 100 alionse omangira malo oyeretsera madzi a suweji. Zonsezi zinali zabwino, koma lamulo lililonse linkabwera ndi mafomu ake, ndipo mzinda unayamba kufunika wantchito amene ntchito yake ndi kulemba mapempho basi.

Nixon anayesa njira ina mu 1972: kugawira mizinda ndi matauni ndalama motsata chiwerengero cha anthu ndi kapezedwe kawo, popanda mpikisano. Pulezidenti Gerald Ford anawonjezera thumba la Community Development Block Grant mu 1974, limene lidakalipo. Kagawidwe ka Nixon kanathetsedwa mu 1986 pa nthawi ya Ronald Reagan, ndipo chaka chotsatira thandizo la madzi linasinthidwa kukhala ngongole zodzera ku zigawo. Msonkho wa petulo wa boma lalikulu, umene umalipira misewu, sunakwezedwe kuyambira 1993. Udakali masenti 18.4 pa galoni.

Mpikisano wa masiku ano unayamba mu 2009, chuma chitagwanso. Boma la Barack Obama linapatula madola 1.5 biliyoni m'thumba lotchedwa TIGER, limene mzinda unkatha kupempha mwachindunji osadzera ku chigawo. Mapempho anapitirira 1,400, ofuna pafupifupi madola 60 biliyoni, koma ntchito zimene zinasankhidwa zinali 51. Thumbali lasintha dzina kangapo, kukhala BUILD, kenako RAISE, kenako BUILD kachiwiri, koma zimene oweruza mapempho amayang'ana sizinasinthe kwenikweni. Amafuna kuona masamu osonyeza kuti phindu la ntchito likuposa mtengo wake, monga ngozi zimene zipewedwe ndi nthawi imene anthu apulumutse pa ulendo. Amafuna kudziwa ngati malo anagulidwa, ngati kuunika za chilengedwe kunayambika, ngati mzinda uli ndi gawo lake la ndalama, limene kawirikawiri limakhala madola 20 pa 100, ndiponso ngati oyandikana nawo ndi eni dera akugwirizana nazo. Pamwamba pa izi, ndalama zambiri za boma lalikulu n'zobwezera: mzinda umayamba walipira kontirakitala, kenako n'kutumiza malisiti.

Nkhani ya kusintha kwa nyengo inalowa m'mapempho kudzera m'masoka. Namondwe Katrina atamiza New Orleans mu 2005, ndiponso Sandy atasefukira m'njanji za pansi pa nthaka ku New York mu 2012, boma linaona kuti kumanganso zinthu momwe zinalili n'kutaya ndalama. Linachititsa mpikisano wa madola 1 biliyoni, ndipo mu 2016 chigawo cha Louisiana chinapatsidwa madola 48 miliyoni osamutsira anthu a pa chilumba cha Isle de Jean Charles, chimene nyanja ikumeza. Lamulo la 2018 linabala thumba la BRIC, lolipirira ntchito zodziteteza tsoka lisanagwe.

Ndalama zochuluka kwambiri zinabwera pa ulamuliro wa Joe Biden. Lamulo la zomangamanga la pa 15 Novembala 2021 linali la madola 1.2 thiriliyoni. Mmenemo munali 15 biliyoni zochotsera mapaipi a mtovu, onga amene anadwalitsa ana ku Flint kuyambira 2014, 5 biliyoni zochepetsera ngozi za pamsewu, ndi 1 biliyoni zolumikiziranso madera amene misewu ikuluikulu inawang'amba pakati. Mu 2022 chigawo cha Michigan chinapatsidwa pafupifupi madola 105 miliyoni ophwasulira msewu wa I-375 umene unamangidwa pa Black Bottom. Lamulo la Inflation Reduction Act la mu Ogasiti 2022 linawonjezera 5 biliyoni zochepetsera utsi wowononga nyengo, ndipo linalola mizinda, imene sikhoma msonkho wa phindu, kulandira ndalama zenizeni ikaika magetsi a dzuwa kapena kugula magalimoto amagetsi.

Funso limene limandivutitsa ndi lakuti, kodi ndalamazi zimafika kwa amene akuvutika kwambiri? Mzinda waukulu uli ndi ofesi yolemba mapempho, maloya, mainjiniya ndi anthu olipidwa kuti aziulankhulira ku Washington. Tauni ya anthu 5,000 nthawi zambiri ili ndi kalaliki mmodzi, amene amalemba malipiro, kuyankha foni ndi kusunga mabuku a khonsolo, ndipo iyeyu ndiye akuyenera kulembetsa tauniyo pa webusaiti ya boma ya SAM.gov, kusakasaka zolengeza za ndalama pa webusaiti ya Grants.gov ndi kuwerenga malangizo a masamba ambirimbiri m'milungu yochepa. Anthu a ku Jackson, likulu la Mississippi, anakhala milungu yambiri opanda madzi abwino akumwa mu 2022, lamulo lalikulu lija litasayinidwa kale. Vutoli linadziwika, ndipo m'chaka chomwecho bungwe la Bloomberg Philanthropies, mogwirizana ndi National League of Cities ndi bungwe la mameya lija, linayambitsa Local Infrastructure Hub, yophunzitsa kwaulere matauni ang'onoang'ono kulemba mapempho. Matumba ena anayamba kupereka kaye ndalama zochepa zojambulira mapulani, kuti tauni idzapemphe zomangira chaka china. Matauni ena anaphunzira kupempha pamodzi ngati dera. Zonsezi zinathandiza, koma sizinachotse chenicheni chakuti mpikisano umakomera wokonzeka.

Kenako mphepo ya ndale inatembenuka. Pa 20 Januwale 2025 Donald Trump analamula kuti ndalama zina za malamulo awiri aja ziyambe zaimitsidwa, ndipo mu Epulo chaka chomwecho nthambi yoona za masoka ya FEMA inalengeza kuti ikuthetsa BRIC, zimene zinachititsa zigawo zingapo kukasuma kukhoti. Mameya anaphunzira mopweteka kuti kulengezedwa ngati wopambana si kulandira ndalama. Chimene chimateteza mzinda ndi mgwirizano wosayinidwa. Ambiri anayambanso kufotokoza ntchito zomwezo ndi mawu ena, osatchula kusintha kwa nyengo: ngalande yoteteza nyumba ku madzi osefukira, mitengo yochepetsa kutentha, mapaipi osatayitsa madzi.

Lamulo la 2021 linalembedwa kuti ndalama zake za misewu ndi mayendedwe zithe pa 30 Seputembala 2026. Aphungu a Congress polemba malamulo otsatira ayenera kugawa ndalama zambiri motsata kusowa kwa anthu, kuchepetsa gawo limene tauni yosauka imafunsidwa kusonkha, ndi kuilipirira mainjiniya ojambula mapulani mpikisano usanayambe.