Apilo

Apilo ndi mawu amene tinabwereka ku Chingelezi. Amatanthauza kutengera mlandu kubwalo lalikulu pamene munthu sakukhutira ndi chigamulo. Timati "wachita apilo". Kudandaula pampopi wotungapo madzi ku Mtendere mu Lusaka kuti oweruza anakondera si apilo ayi. Apilo imalembedwa papepala, imafuna zifukwa, ndipo ili ndi nthawi yake.

Ku Zambia mabwalo ali ndi makwerero. Milandu ya chikwati chamwambo, chiwongo kapena kangongole kapakati pa anansi imayambira ku Local Court. Wosakhutira amapita kwa majisitireti pasanathe masiku 30. Pamwamba pake pali High Court, kenako Court of Appeal imene inakhazikitsidwa mu 2016, ndiye Supreme Court.

Vuto lagona pa ndalama. Kusuma apilo n'kolipira, ndipo mayi wogulitsa tomato pamsika, amene phindu la tsikulo limathera pa ufa ndi makala, amangoona masiku akudutsa. Chigamulo cholakwika chimakhazikika chifukwa cha umphawi basi, ndipo ine zimenezi zimandiwawa. Wosowa asakhale pansi: bungwe la boma la Legal Aid Board lilipo kuti lithandize osauka, ndipo amayi ndi ana angapitenso ku National Legal Aid Clinic for Women mu Lusaka momwemo. Anyamule pepala la chigamulo sabata yoyamba yomweyo.

Chenjezo: apilo payokha siimitsa chigamulo. Ngati analamula kuti mutuluke m'nyumba, pemphani bwalo padera kuti liyambe laimitsa lamulolo.