Mwawi Kumwenda

Mwawi Kumwenda, amene ku Australia ndi ku New Zealand amamulemba kuti Mwai Kumwenda, ndi katswiri wa mpira wa ntchemberembaye wa ku Malawi. Anabadwa pa 27 Seputembala 1989 m'boma la Mzimba. Amasewera kutsogolo ngati woponya mabasiketi, ndipo ndi wotalika mamita 1.83. Watumikira timu ya dziko, Malawi Queens, zaka zoposa khumi, ndipo kunja wasewerera matimu a Peninsula Waves, Tactix, Melbourne Vixens ndi West Coast Fever. Mu 2015 anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse pa mpikisano wa chikho cha dziko lonse lapansi ku Sydney. Mu 2018 anaduka mtsempha wa m'bondo, vuto limene lasiyitsa masewero osewera ambiri, koma patangotha zaka ziwiri iye ndiye anali patsogolo pamene Vixens inatenga chikho cha ligi ya Australia.

Kuchoka ku Mzimba

Mwawi anakulira kumudzi, komwe iye ndi anzake ankasewera opanda nsapato, mpira wake wokulunga ndi majumbo. Luso lake litadziwika anapita ku Blantyre kukasewerera Escom Sisters, timu imene pambuyo pake inatchedwa Kukoma Diamonds, ndipo kumeneko anadutsa m'manja mwa mphunzitsi, malemu Griffin Saenda. Njira ya kunja inatseguka mu 2009 pa mpikisano wa dziko lonse wa achitsikana ku Cook Islands. Mphunzitsi wina wa ku Australia, Maxine Wauchope, anamuona kumeneko n'kuyamba kukonza zoti akasewere kwawo. Mu 2011 Mwawi analowa timu ya Peninsula Waves ya mu ligi ya chigawo cha Victoria. Sinali ligi yaikulu, koma ndi m'menemo m'mene anaphunzira kusewera pabwalo la matabwa la m'nyumba, komanso liwiro la kaseweredwe ka Australia, komwe wotchinga sakupatsa mpata ngakhale wopumira. Mu 2013 anathandiza Victorian Fury kutenga chikho cha Australian Netball League.

Kuyambira 2014 mpaka 2016 anali ku Christchurch, ku New Zealand, m'timu ya Tactix, imene inkasewera mu ANZ Championship, ligi yophatikiza matimu a Australia ndi New Zealand. M'chaka chake choyamba analandira mphoto ya wosewera watsopano wochita bwino koposa. Tactix ya zaka zimenezo inali yofooka, inkathera kumunsi kwa ligi, ndipo izi zimachititsa kuti ena azidumpha nyengo imeneyi akamakamba za Mwawi. Kudumpha koteroko n'kumulakwira. Kuponya bwino m'timu imene ikugonja sabata ndi sabata, mipira ikumabwera mwa apo ndi apo komanso yokhota, n'kovuta kuposa kuwala pakati pa akatswiri.

Malawi Queens

Mwawi anasewera pa masewero a Commonwealth ku Delhi mu 2010 ndi ku Glasgow mu 2014, komwe Malawi inathera pa nambala 5 maulendo onse awiri, komanso pa mpikisano wa dziko lonse ku Singapore mu 2011, komwe inathera pa nambala 6. Ubale wake ndi bungwe la Netball Association of Malawi unali ndi ziphuphu zake: mu 2014 panabuka mkangano pa nkhani ya ndalama za osewera zimene sizinkaperekedwa, ndipo kwa kanthawi sanavale yunifolomu ya dziko.

Anabwerera mu 2015 ku Sydney. Malawi inathera pa nambala 6, koma mphoto ya wosewera woposa onse sinapite kwa wa Australia, amene anatenga chikho, kapena wa New Zealand, amene anali achiwiri. Inapita kwa Mwawi, amene anamwetsa mabasiketi oposa 300, ndipo pa mipira 100 iliyonse imene anaponya, 91 inkalowa. Kumayambiriro kwa 2016 bungwe la International World Games Association linamulengeza kukhala katswiri wa chaka cha 2015, anthu atavota pa intaneti. Chaka chomwecho Malawi inatenga mendulo ya nambala 3 pa mpikisano wa Fast5 ku Melbourne itagonjetsa England. Kenaka pa 8 Epulo 2018, pa masewero a Commonwealth ku Gold Coast, Queens inagwetsa New Zealand ndi mabasiketi 57 kwa 53. Kunali koyamba Malawi kugonjetsa dzikolo, ndipo Mwawi ndiye anamwetsa ochuluka a mabasiketiwo.

Kaseweredwe kake

Pofuna kumvetsa chimene chinamusiyanitsa ndi ena, ndi bwino kuona kaye mtundu wa oponya amene matimu akuluakulu amafuna. Jhaniele Fowler ndi Romelda Aiken a ku Jamaica ndi otalika pafupifupi mamita awiri. Woponya wotere amaima pansi pa golo n'kutsekereza mdani ndi thupi, anzake n'kumangomuponyera mpira m'mwamba. Mwawi alibe msinkhu umenewo, choncho amadalira miyendo. Amatuluka m'malo oponyera kukachingamira mpira, amazembera kumbuyo kwa wotchinga motsata mzere wa kumapeto, amalumpha n'kuwakha mpira umene ena akanausiya kuti wapita kunja, ndipo amatera atatambasula miyendo kuti afupikire ku golo asanaponye.

Kaseweredwe kameneka n'kokoma kuonera, koma bondo ndilo limalipira. Malamulo a ntchemberembaye salola wosewera kuthamanga ndi mpira: phazi limene wayamba kuterera silingadzutsidwe n'kupondanso pansi mpira uli m'manja, ndipo mpirawo uyenera kuchoka m'masekondi atatu. Izi zikutanthauza kuti munthu wothamanga mwaliwiro ayenera kuima nthawi yomweyo, kawirikawiri pa mwendo umodzi, thupi likutembenuka. Wosewera ngati Mwawi amachita zimenezi kambirimbiri pa masewero amodzi a mphindi 60.

Ku Melbourne

Ligi ya Super Netball itayamba mu 2017, Mwawi anasaina ndi Melbourne Vixens, imene panthawiyo inkaphunzitsidwa ndi Simone McKinnis. Anzake kumeneko ankangomutchula kuti MJ. M'chaka choyambacho Vixens inathera pamwamba pa ligi ndime zomaliza zisanayambe, iye akusewera kutsogolo limodzi ndi Tegan Philip.

Melbourne ndi kwawo kwa mpira wina umene ku Malawi kuno sudziwika kwenikweni, wa malamulo a Australia. Umaseweredwa ndi mpira wosongoka mbali zonse ziwiri, pabwalo lalikulu lobulungira ngati dzira, osewera 18 mbali iliyonse, ndipo masewero otsiriza a ligi ya AFL amakopa anthu pafupifupi 100,000 kubwalo la Melbourne Cricket Ground. Masewero awiriwa ndi oyandikana kuposa momwe munthu angaganizire. Kalabu ya Collingwood ya mu AFL inali ndi timu yake ya ntchemberembaye mu Super Netball kuyambira 2017 mpaka 2023, ndipo inkalimbana ndi Vixens mu mzinda umodzi. Chofunika kwambiri pa nkhani ya Mwawi n'chakuti ku Australia kuvulala kwa osewera amakuwerengera mosamala. AFL yakhala ikusonkhanitsa chiwerengero cha ovulala chaka ndi chaka kuyambira 1992, ndipo chiyambireni ligi ya amayi ya AFLW mu 2017, kuduka kwa mtsempha wa m'bondo kwakhala nkhani yaikulu kumeneko. Erin Phillips wa timu ya Adelaide anaduka mtsempha womwewu mkati mwa masewero otsiriza a 2019, pamaso pa anthu oposa 53,000. Madokotala ndi akatswiri a mafizo a kumeneko amaona mabondo otere nthawi ndi nthawi.

Bondo

Mu Julayi 2018, ligi ili pafupi kutha, Mwawi anavulala pa masewero olimbana ndi West Coast Fever. Madokotala anapeza kuti waduka mtsempha umene amautcha ACL. Mtsempha umenewu uli mkatikati mwa bondo, umalumikiza fupa la ntchafu ndi fupa la msongolo, ndipo ntchito yake n'kuletsa fupa la m'munsilo kutsetserekera kutsogolo kapena kupotoka. Nthawi zambiri umaduka popanda wina kumugunda wosewerayo, pongotera kapena potembenuka. Bondo limatupa m'maola ochepa, ndipo kutupa kukatha munthu amatha kuyenda bwinobwino, koma akati atembenuke mwachangu bondo limagwedera n'kumugwetsa. Amayi ndi amene amakumana ndi vutoli kwambiri kuposa abambo osewera masewero ofanana.

Mtsemphawu ukadukiratu, wosewera wofuna kubwerera pabwalo kawirikawiri amachitidwa opaleshoni. Madokotala amatenga kachidutswa ka mtsempha wina, wa kumbuyo kwa ntchafu kapena wa kutsogolo kwa bondo, n'kukadutsitsa m'timabowo toboola m'mafupa kuti kalowe m'malo mwa wodukawo. Opaleshoniyo ndi ya tsiku limodzi, koma mafizo ake amatenga miyezi 9 mpaka 12: kuwongola mwendo, kubwezeretsa mnofu wa ntchafu umene umafota msanga, kuthamanga molunjika, kenaka kuphunziranso kutera ndi kutembenuka. Chomalizira kuchira ndi mantha, ndipo pali osewera ambiri amene bondo linachira koma sanalumphenso monga kale.

Apa m'pofunika kunena mosabisa kuti Mwawi anavulalira pamalo pomwe thandizo linalipo. Vixens inamusunga, ndipo anachira ali m'manja mwa kalabu yokhala ndi madokotala ake. Mtsikana wosewera pabwalo la sukulu ku Monkey Bay, ku Malindi kapena ku Makanjira akavulala chimodzimodzi, ulendo wake umakhala wina. Mtsempha suoneka pa X-ray, choncho chithunzi chikasonyeza kuti fupa silinathyoke, n'kosavuta kuganiza kuti wangobinya. Makina a MRI, amene amaonetsa mtsemphawo, ali m'mizinda ikuluikulu, kutali ndi kunyanja. Kutupa kukaphwa mtsikanayo amabwerera pabwalo, bondo limamugwetsanso, chichereŵechereŵe cha mkati chimang'ambika, ndipo amasiya masewero anthu akumati analibe khama. Aphunzitsi a m'masukulu ali ndi gawo limene angathe popanda ndalama: kuphunzitsa ana kutera atapinda mawondo, bondo lisakugwera mkati, ndi kulimbitsa ntchafu ndi chiuno masewero asanayambe. Njira zoterezi zimachepetsa ngoziyi.

Kuvulalaku kunamuphonyetsa mpikisano wa dziko lonse wa 2019 ku Liverpool. Udindo woponya unagwera Joyce Mvula, amene panthawiyo ankasewerera Manchester Thunder, ndipo Malawi inathera pa nambala 6. Ku Vixens malo ake anali atatengedwa ndi Caitlin Thwaites, katswiri wa timu ya dziko ya Australia wochokera ku Collingwood, ndipo Mwawi anabwerera pabwalo ligi ya 2019 ili kumapeto.

Chikho cha 2020

Chifukwa cha mliri wa Covid-19, ligi ya 2020 inasamutsidwira ku Queensland, ndipo osewera a Vixens anakhala miyezi ali kutali ndi kwawo. Chaka chomwecho kunabwera lamulo latsopano loti m'mphindi zisanu zomaliza za chigawo chilichonse, mpira woponyedwa kuchokera chakutali uziwerengedwa mabasiketi awiri. Vixens inali ndi oponya atatu, Mwawi, Thwaites ndi Philip, olimbirana malo awiri.

Pa 18 Okutobala 2020, ku Brisbane, Vixens inakumana ndi West Coast Fever ya Jhaniele Fowler m'masewero otsiriza n'kupambana 66 kwa 64. Mwawi anaponya mipira 50, inalowa 47, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa tsikulo. Mu ntchemberembaye matimu amasinthana kuyambitsa mpira pakati, mosaona amene wagoletsa, choncho mpira umodzi wophonya ukhoza kupereka masewero onse kwa adani. Kusiyana kunali mabasiketi awiri okha. Mphoto ya ku Sydney ndiyo yotchuka kwambiri kumudzi kuno, koma woyeza ntchito ya Mwawi moona ayenera kuika tsiku la ku Brisbane pamwamba, chifukwa anachita zimenezi ndi bondo losokedwa, akulimbana ndi timu yomwe ija anavulala akusewera nayo, ndipo kalumphidwe ndi katembenukidwe kake sikanasinthe.

Zaka zotsatira

Chaka cha 2021 chinali chowawa. Thwaites ndi Philip anapuma pa masewero, Liz Watson, amene ankamupatsira mipira yambiri kuchokera pakati, anakhala panja chaka chonse chifukwa cha vuto la phazi, ndipo Vixens inachoka pa ukatswiri n'kukathera pansi penipeni pa ligi. Ena anafulumira kunena kuti Mwawi watha. Koma woponya amadya zimene apakati am'bweretsera, ndipo umboni unabwera mu 2022: Watson atachira, ndiponso Kiera Austin, amene nayenso ankachokera ku opaleshoni ya ACL, atabwera kudzasewera naye kutsogolo, Vixens inakweranso pamwamba pa ligi n'kufika m'masewero otsiriza ku Perth, komwe inagonja kwa Fever 70 kwa 59.

Ku timu ya dziko anasewera pa masewero a Commonwealth a 2022 ku Birmingham ndi pa chikho cha dziko lonse cha 2023 ku Cape Town, ndipo Malawi inathera pa nambala 7 pa mipikisano yonse iwiri, Uganda itaidumpha pakati pa matimu a mu Africa. Mu 2024 sanasewere mu Super Netball chifukwa anali woyembekezera. Kumayambiriro kwa ligi ya 2025, ali ndi zaka 35, West Coast Fever inamutenga kuti agwirizire kwa kanthawi malo a Fowler.