Nthenda yoyambira pakhosi, yothera mumtima

Kale madokotala a ku Ulaya ankangoiona nthendayi ngati nyamakazi. Mwana ankatentha thupi, bondo n'kutupa, mawa lake ululu wasamukira pachigongono, mkuja uli pamwendo winawo. Pakatha masabata angapo ankadzuka n'kumakasewera ndi anzake. Mwana yemweyo akamadzamwalira atakula, ali wefuwefu, miyendo itatupa, panalibe wokumbukira bondo lija.

Mu 1812 William Charles Wells wa ku London analemba kuti nyamakaziyi imagwiranso mtima. Patangopita zaka zinayi, René Laennec wa ku Paris anapinda pepala ngati chitoliro n'kuliika pachifuwa cha wodwala, ndipo kachipangizo komwe madokotala amakoleka m'khosi kanayambira pamenepo. Tsopano khutu linkamva mavavu, tizitseko ta mumtima, akuchucha. Koma gwero la nthendayi linadzadziwika bwino cha m'ma 1930: ndi mabakiteriya a streptococcus a gulu A, aja oyambitsa zilonda zapakhosi. Chitetezo cha m'thupi chikamalimbana nawo chimasokonezeka, n'kuyamba kuluma mavavu a mwiniwake. Nthendayi ikabwereza, zipsera zimachuluka, mpaka vavu imauma, osatseka bwino kapena osatseguka mokwanira.

Mu 1944 T. Duckett Jones wa ku Boston anandandalika zizindikiro zoidziwira. Mu 1950 madokotala omwe ankayang'anira asilikali ku Wyoming anaonetsa kuti penisilini woperekedwa pakhosi pakadali zilonda amaletsa nthendayi. Posakhalitsa kunabwera benzathine penicillin, jakisoni wokhalitsa m'thupi pafupifupi mwezi. Amene anabayidwapo amamudziwa: ndi woyera, wokhuthala ngati phala, wowawa pathako, ndipo namwino akachedwa pang'ono singano imatseka. Mwana amene wadwalapo kamodzi amabayidwa masabata atatu kapena anayi alionse, nthawi zambiri kwa zaka 10, ena moyo wonse.

Tisam'patse penisilini ulemu wonse. Ku Ulaya ndi ku America nthendayi inali itayamba kale kuchepa anthu atasiya kugona mothithikana m'kachipinda kamodzi. Kumene umphawi unatsala, nayo inatsala. Komabe Cuba inaonetsa kuti dziko silifunika kulemera kaye: m'chigawo cha Pinar del Río, kuyambira 1986 mpaka 1996, kaundula wa odwala, maphunziro kwa azaumoyo ndi jakisoni wosadumpha zinatsitsa matendawa kwambiri.

Kuno ku Africa maso anatseguka mochedwa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2007 anaunika ana asukulu a ku Maputo ndi makina oonera mtima, n'kupeza ana pafupifupi 30 pa 1,000 alionse ali ndi mavavu owonongeka, pomwe khutu la dokotala linkapeza awiri okha. Mu 2018 mayiko a m'bungwe la WHO anagwirizana zolimbana nayo, ndipo mu 2021 kafukufuku wa ku Gulu, m'dziko la Uganda, anatsimikiza kuti jakisoni wa mwezi ndi mwezi amaletsa nthenda yobisikayi kukula.

Lero anthu oposa 40 miliyoni ali nayo, ndipo oposa 300,000 amafa chaka chilichonse. Mwana wanu akati pakhosi pakuwawa thupi likutentha, musangom'gulira panado pagolosale. Mutengereni kuchipatala.