Mafupa Akale M'mphepete mwa Mtsinje

1. Mtsinje umavumbula zobisika

Mtsinje wa Likhubula umatsika kuchokera m'phiri la Mulanje. Mvula ikachuluka, madzi amagumula magombe n'kukokolola miyala, monga tidaonera mu Marichi 2023 nthawi ya namondwe Freddy. Madzi akaphwa, wokumba mchenga atha kutola fupa pakati pa nsangalabwi. Kodi ndi la ng'ombe yofa dzana, kapena la nyama yamakedzana?

2. Kulemera ndi maonekedwe a fupa

Fupa latsopano limapepuka ndipo limakhala loyera. Lamakedzana limalemera ngati mwala, chifukwa m'timabowo take mudalowa zouma za m'nthaka. Kawirikawiri limakhala lofiirira kapena lakuda.

3. Mano amaulula mwini wake

Mano sachedwa kuulula nyama, komanso saonongeka msanga. Dzino lotafunira la njovu ndi lalikulu ngati njerwa, ndipo lili ndi mizere pamwamba. Nyama zodya udzu zili ndi mano operera. Zodya zinzake zili ndi mano akuthwa, ong'ambira.

4. Zimene zidapezeka ku Karonga

M'zaka za m'ma 1920, Frank Dixey adapeza mafupa a chinyama chachikulu ku Karonga. Mu 1993 adachitcha Malawisaurus. Mu 2005, katswiri wa kuno kwathu, Elizabeth Gomani, adapatsa chinyama china dzina loti Karongasaurus.

Mu 1991, ku Uraha, m'boma lomwelo, kudapezeka nsagwada ya munthu wakalekale, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Akatswiri adadziwa zakazo poona mano a nguluwe zakale amene adali m'dothi lomwelo. Nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga idatsegulidwa mu 2004.

5. Mukapeza fupa

Musalitsuke, musaliphwanye, musaligulitse. Ikani chizindikiro pamalopo. Dothi ndi miyala yozungulira fupa ndizo zimauza akatswiri zaka zake. Mukalichotsa, umboni watha. Kauzeni amfumu kuti adziwitse a boma oona zakale, monga a ku Chichiri ku Blantyre. Ngati likuoneka la munthu, uzaninso apolisi.

Mafunso

1. Kodi fupa lamakedzana limasiyana bwanji ndi latsopano?
2. Ku Uraha kudapezeka chiyani mu 1991?
3. N'chifukwa chiyani sitichotsa fupa pamalo pake?