Phokoso losamveka lomwe limakankha maselo

Mukadzapitanso kuchigayo, muyang'ane lata lomwe pagwera ufa injini ikulira. Ufawo umavinavina, kenako n'kusonkhana m'timizere. Zimenezo ndi zomwe Mjeremani wina, Ernst Chladni, adalemba m'buku mu 1787. Iye ankawaza mchenga pachitsulo chopyapyala n'kumakwecha m'mbali mwake ndi uta woimbira vayolini. Mchengawo unkathawa pomwe chitsulo chikunjenjemera kwambiri n'kukaunjikana pomwe pali bata. Ndiye kuti phokoso limakankha zinthu, abale, ngakhale lilibe manja.

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, Paul Langevin wa ku France ankasaka sitima zapansi pa madzi pogwiritsa ntchito phokoso lomwe khutu la munthu silimva, lonjenjemera kupitirira ka 20,000 pa sekondi. Tinsomba tomwe tidalowa m'njira ya phokosolo tidafa.

Phokoso lomwelo, atalichepetsa ukali, lidalowa m'chipatala. Mu 1958 ku Glasgow, dokotala wa amayi Ian Donald ndi injiniya Tom Brown adaonetsa kuti nzeru ya makina ofufuzira ming'alu m'zitsulo itha kuona za m'mimba. Sikani yomwe mayi woyembekezera amakwerera minibasi kuchoka ku Lizulu kapena Tsangano kukaipeza kuchipatala cha boma cha Ntcheu idachokera kumeneko. Ife pamsika timangoti "andijambula mimba", osadziwa kuti wajambulayo ndi phokoso.

Sikani imangoona. Akatswiri a lero abwerera kwa Chladni, akufuna phokoso ligwire ntchito yokankha. Mu 2012 gulu la Tony Jun Huang ku Penn State, ku America, lidasuntha selo limodzilimodzi, mpaka kanyongolotsi kamoyo kotalika milimita imodzi, osakakhudza n'komwe. Mu 2015 Sreekanth Chalasani wa ku Salk Institute adaika tinyongolotsi tomweto pakati pa tithovu ting'onoting'ono ta mpweya. Phokoso litagunda tithovuto, tinyongolotsi tidatembenuka n'kusintha kolowera. Chaka chomwecho ku Italy ena adayesa tizidutswa totchedwa nanoparticles, tochepa moti tsitsi limodzi ndi chimtengo pafupi nato. Ta barium titanate timatulutsa magetsi pang'ono phokoso likatigunda, ndipo selo lomwe tamatirira limadzidzimuka.

Mwina mukuti, nanga tinyongolotsi tikutikhudza chiyani ife ogulitsa kabichi? Bala limapola chifukwa maselo amayenda kukatseka. Khansa nayo imafalikira chifukwa maselo ake amayenda, ndipo khansa ya khomo la chiberekero yatitengera anzathu ambiri pamsika pano. Wodziwa kuyendetsa kapena kuimitsa selo wagwira pamtima pa nkhaniyi.

Koma munthu asakunamizeni kuti akugulitsa mankhwala otere. Zoyendetsa maselozi zikadali mulabotale, pa tinyongolotsi ndi mbewa. Kuno nkhondo yathu ikadali ya sikani ija ya 1958: bungwe la WHO lidanena mu 2016 kuti mayi aliyense ajambulidwe kamodzi mimba isanakwane masabata 24, koma ambiri akumidzi amayamba sikelo mimba itakula kale.