Zimene Kanema Sadajambule ku Ntcheu

Munthu woyenda pa msewu waukulu wochokera ku Dedza kupita ku Ntcheu akafika pa Lizulu amaona mbatata, kabichi ndi tomato zitayalidwa mbali zonse ziwiri za msewu. Mlendo sangadziwe msanga kuti tsidya lina la msewuwo ndi Mozambique. Malire amenewa adawalemba Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, ndipo adagawa pakati Angoni a Maseko, ena kuno, ena ku Angonia. Ndi pa malire omwewa pamene anthu zikwizikwi adaoloka, makamaka kuyambira mu 1986, pothawa nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo. Pofika mu 1992 othawa nkhondo m'Malawi adaposa 1,000,000, ndipo Ntcheu lidali limodzi mwa maboma amene adalandira ambiri.

Kodi dziko lakutali lidadziwa bwanji za masautso otere? Kawirikawiri lidadziwa kudzera m'zithunzi ndi m'kanema. Pa nkhondo ya ku Biafra, kuyambira 1967 mpaka 1970, zithunzi za ana otupa mimba ndi njala zidafika m'nyumba za ku Ulaya, ndipo ansembe amishoni pamodzi ndi bungwe la Caritas adapeza thandizo lotumiza chakudya pa ndege usiku. Mu Okutobala 1984 Mohamed Amin wa ku Kenya adajambula anthu akufa ndi njala ku Korem m'dziko la Ethiopia, kumene kudalinso nkhondo. BBC itaonetsa kanemayo ndi mawu a Michael Buerk, mitima ya anthu idagwedezeka, ndipo chaka chotsatira kudachitika zoimbaimba za Live Aid zosonkhetsa ndalama. Palibe angakane kuti makanema otere adapulumutsa miyoyo.

Komabe tiyenera kunena zoona: kanema wopempha thandizo ali ndi kufooka kwake. Wojambula amafuna nkhope yomvetsa chisoni, pakuti ndiyo imatsegula matumba. Motero mayi amene dzulo adali ndi nkhokwe zake, mbuzi zake ndi mfunda wake amasanduka munthu wopanda dzina, wotambasula mbale pa mzere wa ufa. Woonera amamumvera chisoni osamudziwa. Wojambula akapakira katundu wake nabwerera kwawo, nkhaniyo imathera pomwepo, chonsecho moyo wa mayiyo ukupitirira.

Ku Ntcheu zinthu zazikulu zidachitika popanda wozijambula. Othawa nkhondo ambiri adakhala pakati pa midzi, pafupi ndi abale awo a chilankhulo chimodzi, popeza ambiri adali pachibale kapena paukwati ndi eni mudzi. Mabungwe monga UNHCR ndi Red Cross adagawa chakudya, koma amene adayamba kutsegula chitseko usiku woyamba adali amayi a m'mudzi. Mafumu adapereka malo omangapo tinyumba ndi malo oika maliro. Mtengo wake udali waukulu: mitengo ya m'mapiri idatha ndi nkhuni, zitsime zidachepa madzi, zipatala ndi sukulu zidadzaza. Anthu adapirira pokumbukira mwambi uja wakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Eklezia nayenso adalawa chikho chomwecho, pakuti mu Okutobala 1985 ansembe awiri achiJezuwiti, Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Moreira, adaphedwa ku Chapotera ku Angonia komweko.

Mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 ndi Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama, ankhoswe ake ali gulu la Akatolika la Sant'Egidio pamodzi ndi Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa ku Beira. M'zaka ziwiri zitatu zotsatira anthu ambiri adabwerera kwawo. Pa nthawi imeneyi ndi pamene padatuluka kanema wina wosiyana ndi anzake. Licínio Azevedo, wobadwira ku Brazil koma wokhala ku Mozambique, adajambula A Árvore dos Antepassados, ndiye kuti mtengo wa makolo. Iye adatsagana ndi banja lina pa ulendo wake wochoka ku Malawi kubwerera ku Tete. Pothawa, banjalo silidapeze mpata wotsazika makolo ake ogona m'manda. Pobwera lidapita pansi pa mtengo kukafotokoza kumene lidali ndi zimene lidaona. M'kanema ameneyu othawa nkhondo amalankhula okha, amaseka, amakangana, amatopa pa njira. Woonera amawaona monga anthu athunthu, ndipo ulemu wawo umasungika.

Apa pali phunziro kwa ife Akhristu. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Inter Mirifica cha mu 1963, udaphunzitsa kuti kanema ndi wailesi ndi mphatso zoyenera kugwiritsidwa ntchito mwa choonadi ndi molemekeza munthu. Banja Loyera nalonso lidathawa mfumu yankhanza usiku, ndipo Mthenga Wabwino udasunga mayina awo. Munthu wovutika asamalandidwe dzina lake atalandidwa kale munda ndi nyumba.

Tsono amayi ndi abambo amene adalandira alendo aja ku Tsangano, ku Biriwiri ndi ku Lizulu akukalamba, ndipo ambiri adatisiya kale. Ana obadwa pambuyo pa 1994 sadziwa chifukwa chake mapiri ena ali mbee, kapena kuti manda ena m'mudzi mwawo ndi a yani. Lero lamya ya m'manja ili ndi kamera, ndipo ili m'matumba a achinyamata ambiri a m'parishi. Nanga chingaletse ndi chiyani kuti achinyamata a m'miphakati akhale pansi ndi agogo awo, awapemphe chilolezo, nawajambule akusimba okha? Nkhani imeneyi sadzatisungira alendo a kutali. Tikazengereza, idzalowa m'manda pamodzi ndi eni ake.