The George: Nyumba Yomwe Sitima Inadya Nkusiyako Mbali Imodzi

Kummwera kwa mtsinje wa Thames mumzinda wa London, mu msewu wa Borough High Street, muli malo omwera mowa otchedwa The George. Ukamadutsa mu msewu sungawaone msanga, pakuti amabisala kuseri kwa chipata chopapatiza. Ine ndinawapeza pamene ndinali kumeneko ku maphunziro a ntchito, ndipo chomwe chinandiimika ndi makonde ake.

Nyumbayi ili ndi makonde awiri osanjikizana, a matabwa, oyang'ana pabwalo. Amisiri akale sanawamange pofuna kukongoletsa ayi. Malo ku Southwark adali opanikizika. Nyumba zogona alendo zinkatsamirana misana, choncho zipinda sizikadakhala ndi mawindo kumbuyo. Kuwala ndi mpweya zinkalowera kukhonde, ndipo khonde lomwelo ndi lomwe lidali njira yopita kuchipinda chilichonse. Mlendo ankatha kusuzumira pansi nkuona ngati akavalo a ngolo yake awamangirira kale.

N'chifukwa chiyani nyumba zoterezi zidachuluka kumeneku? Mpaka chaka cha 1750, London Bridge ndiwo udali mlatho wokhawo pakati pa mzinda. Aliyense wochokera ku Kent kapena ku Dover ankafikira pano, natula katundu, nadya, nagona. John Stow anaitchula The George m'buku lake lofotokoza za London la mu 1598. Koma yomwe iye adaiona idapsa ndi moto womwe udasesa Southwark mu 1676, ndipo yomwe ilipoyi idamangidwa mu 1677.

Moto udailephera nyumbayi, koma sitima yapamtunda idatsala pang'ono kuimaliza. Siteshoni ya London Bridge itatsegulidwa mu 1836, ngolo za akavalo zidayamba kusowa okwera. Nyumba zinzake zidagwa imodziimodzi, kuphatikizapo Tabard yotchuka ija, yomwe idagumulidwa mu 1873. Kampani ya Great Northern Railway idagula The George nkuisandutsa posungira katundu, ndipo mu 1889 idagwetsa mbali ziwiri mwa zitatu zomwe zidazungulira bwalo.

Monga munthu wozolowera mafailo a boma, ndimaona ngati palibe amene adachita izi mwankhanza. Wina adangowerengera kuti malo osungira katundu ngaphindu kuposa makonde ofumbwa, nasaina. Zinthu zakale zambiri zimatha motero, pa tebulo, popanda mkangano.

Mbali yakummwera yomwe idatsalayo idaperekedwa ku bungwe la National Trust mu 1937, ndipo boma la Britain lidaiika m'gulu loyamba la nyumba zotetezedwa, Grade I. Kusintha ngakhale chitseko chake kumafuna chilolezo. Mu London monse, iyi yokha ndiyo nyumba ya apaulendo a ngolo yomwe idakali ndi makonde ake. Chipinda chomwe okwera ngolo ankadikiriramo chidakalipo, ndi koloko yake yakale pakhoma, ndipo anthu amamweramo mowa mpaka lero.